Mua: Parishi Imene Idakula Moyang'anizana ndi Dambwe

Pakati pa Mtakataka ndi Golomoti, pa msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, pali kamsewu kamene kamapatuka n'kulunjika kumapiri a Dedza. Sikatalika. Kamakathera pa nyumba zakale za njerwa, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, pomwe chigwa chotentha cha kunyanja chimagundana ndi phiri. Apa ndiye pa Mua, parishi ya Akatolika imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1902.

Alendo ambiri amene amakhotera kumeneku sabwerera Misa. Amadzaona zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400 zimene zili m'nyumba yosungiramo mbiri ya Chamare, kugula ziboliboli, kujambulitsa, kenako ulendo wa ku Mangochi kapena ku Senga Bay. Amachoka atakhutira kuti aona malo amene tchalitchi ndi chikhalidwe cha makolo zidagwirana chanza. Pali choonadi pamenepo, koma n'chochepa. Mua si nyumba yoonetsera zinthu zakale. Ndi parishi yakumudzi, ya anthu olima chimanga, mpunga ndi thonje, ndipo mkangano umene alendo amauyesa wakale ukadali m'mabanja ambiri a kuderali, makamaka pakagwa maliro.

Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie adachiyambitsa ku Algiers mu 1868, adayamba aponda dziko lino mu 1889, kwa mfumu Mponda ku Mangochi. Sizidawayendere. Adafika nthawi imene Apwitikizi ndi Angerezi ankalimbirana derali, malungo adawasautsa, ndipo mfumuyo idali ndi zake zoganiza. Mu 1891 adanyamuka n'kulowera ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Pamene ankabwereranso mu 1902, ansembe a Montfort adali atatsegula kale mishoni ya Nzama ku Ntcheu chaka chapitacho, ndipo a mpingo wa Dutch Reformed adali atazika mizu ku Mvera ndi ku Nkhoma. Akatolika adali ochedwa, ndipo ankadziwa.

Dera limene adasankha silidali la mtundu umodzi. Eni nthaka adali Achewa. Olamulira adali Angoni a kwa Kachindamoto, amene adatsikira kuchigwa atasemphana ndi abale awo a kwa Gomani. Cha kunyanja kudali Ayao, ambiri a iwo Asilamu. Wansembe wa ku France wa mkanjo woyera ndi korona m'khosi adadzakhala munthu wachinayi pabwalo limene lidali kale ndi eni ake atatu.

Ubatizo sudali wa changu. Lamulo la Lavigerie lidali lakuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinayi asanathiridwe madzi. M'zaka zimenezo ankayesedwa pa zinthu zimene zidali mtima wa moyo wa pamudzi. Wamitala ankayenera kutsala ndi mkazi mmodzi. Wopita kwa sing'anga kukaombeza ankabwezedwa m'mbuyo. Ansembe ankafunanso banja limene bambo ndiye mutu, pomwe pa Chichewa mwamuna ndi mkamwini, ndipo za ana amagamula ndi malume awo, mwini mbumba. Koma chachikulu pa zonse chidali gule. Munthu wolowa kudambwe sakadakhala mkhristu, ndipo mkhristu wopezeka kudambwe ankaimitsidwa masakramenti.

Kuti timvetse chifukwa chake mkanganowu udafika poipa m'zaka za m'ma 1920, tiyenera kuyang'ana mfumu ya m'mudzi. Ulemu wa nyakwawa ya Chichewa udali pa mzinda, ndiye kuti ufulu wokhala ndi bwalo la gule ndi kuchititsa chinamwali. Kudzera mumzinda mfumu inkaumba anyamata ndi atsikana kukhala anthu ake, ndipo inkalongosola maliro a aliyense. Angoni atafika adapondereza gule. Angerezi atathyola mphamvu za Angoni, makamaka atapha Inkosi Gomani mu 1896, gule adadzukanso ndi mphamvu, ndipo mafumu a Chichewa adapezanso mawu. Nthawi yomweyo n'kuti ansembe akumanga timasukulu ta udzu m'mudzi uliwonse umene wavomera, pothamangitsana ndi a Dutch. Mphunzitsi wa pasukulu yotere adalinso mkatekisiti. Ankaphunzitsa kuwerenga, ankatsogolera mapemphero, ankalangiza mabanja, ndipo ankauza ana kuti za kudambwe n'za mdyerekezi. Kunena mosapsatira, adali mfumu yachiwiri m'mudzi, yosankhidwa ndi mlendo.

Choncho zimene zinkachitika sizidali zodabwitsa. Nyengo ya gule ikafika, anthu atakolola, sukulu zinkatsala mabenchi okhaokha. Zilombo zinkathamangitsa ana opita kukaphunzira. Akhristu ena achangu ankalowa kudambwe n'kulanda kapena kuwononga zimene apeza, milandu n'kukafika kwa DC. Boma la atsamunda silidafune kuthetsa gule monga ansembe ankapemphera, poti nalo linkadalira mafumu omwewo potolera msonkho. Wolemba mbiri Ian Linden adafotokoza za nthawi imeneyi m'buku lake la mu 1974, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, ndipo nkhani za pa Mua zili pakatikati pa bukulo.

Agule adayankhanso mwa njira yawo, imene ine ndimaiona kuti idali yanzeru kuposa ndodo. Adatenga anthu a m'tchalitchi n'kuwatulutsa pabwalo. Kudabadwa Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Kudabadwa Maria, kudabadwa Yosefe. Wansembe akalalikira za oyera mtima Lamulungu m'mawa, madzulo ake mayina omwewo ankavina fumbi lili koboo, amayi akuwomba m'manja. Ndani akadawina mlandu wotere kwa DC?

Koma tisaiwale kuti anthu sankabwera ku Mua chifukwa cha ulaliki wokha. Asisitere a White Sisters adafika mu 1911 n'kuyamba kuthandiza odwala ndi amayi oyembekezera, ndipo apo ndi pomwe padachokera chipatala cha Mua chimene chilipo mpaka lero. Mu 1927 padatsegulidwa malo osamalira odwala khate, anthu amene kwawo ankamangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi. Padali shopu ya ukalipentala ya Bambo Champmartin, amene anthu, polephera kutchula dzinalo, ankangoti Chamare. Pambuyo pake padadzakhalanso sukulu ya ana osamva. Munthu amene ankakana katekisimu ankabwerabe ndi mwana wake wodwala, ndipo wansembe amene ankanyoza gule ankamangabe chilonda cha wovina gule. Ubale wa mbali ziwirizi udamera m'malo ngati amenewa, osati pa guwa.

Parishi yomwe ankaiona ngati yovutayi ndi yomwe idabala atsogoleri. Seminale yaing'ono idayambira pa Mua isadasamukire ku Kasina. Cornelio Chitsulo, mwana wa kuderali, adadzozedwa unsembe mu 1937, kukhala Mmalawi woyamba kufika paudindowo mu mpingo wa Katolika. Mu 1957 adadzozedwanso kukhala episkopi, woyamba mwa Amalawi, ndipo adatsogolera dayosizi ya Dedza kufikira imfa yake mu 1984. Wina ndi Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, Mmalawi woyamba kulowa chipani cha White Fathers, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972.

Dzina la Kalilombe liyenera kutchulidwa mokweza pa nkhani ya parishi iliyonse yakumudzi m'Malawi, pakuti zambiri zimene akhristu amachita lero osaganizako kawiri zidakhazikika m'nthawi yake. Iye adaona chimene aliyense ankachiona koma osachinena: wansembe mmodzi sangaweta midzi makumimakumi. Pakati pa 1973 ndi 1975 adachititsa msonkhano waukulu wa dayosizi yake, wofunsa maganizo kuyambira kwa akhristu wamba, ndipo chidatulukamo ndi miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana topemphera ndi kuthandizana patokha. Maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, a m'bungwe la AMECEA, adagwirizana zoti imeneyi ikhale njira ya mpingo wonse kuno. Boma la Kamuzu Banda silidakondwe. Anthu okumana m'midzi mwakachetechete, kukambirana mavuto awo popanda wa chipani, zidamveka ngati ndale. Mu 1976 Kalilombe adachoka m'dziko muno, ndipo pambuyo pake adakhala zaka zambiri akuphunzitsa ku Selly Oak, mumzinda wa Birmingham.

Miphakati idatsala. Ndipo ngati mukufuna kuona parishi ya Mua yeniyeni, musaifunefune pamishoni. Pitani kunthambi, kumatchalitchi ang'onoang'ono a m'midzi, kumene wansembe amafika mwa apo ndi apo, ndipo nthawi ya dzinja, mitsinje yotsika m'phiri ikadzaza, njinga yamoto ya abambo imabwerera panjira. Kumeneko Lamulungu lambiri limadutsa popanda Misa. Belu, limene kawirikawiri limakhala chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, limalira ndithu. Mkatekisiti kapena mkulu wa mpingo amatsogolera mapemphero, amawerenga Mawu, amalalikira, kwaya imaimba, zolengeza zimatenga nthawi yake yonse ndi ina yobwereka. Ana amakhala atapita kale ku gulu lawo la Tilitonse. Anthu amabalalika dzuwa litapendeka, osalandira Ukaristia, koma palibe amene anganene kuti sadapemphere.

Mkati mwa sabata mphakati umakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo, pamphasa, pansi pa mtengo wa mango. Ambiri amakhala amayi. Abambo amachuluka pakakhala chisankho cha maudindo. Pamenepo ndi pomwe pamadziwika amene wadwala, amene denga lamugwera, amene mwana wake wasiya sukulu. Wofuna kubatiza mwana, wofuna kumanga ukwati, amayambira pamenepo, ndipo bambo mfumu salemba dzina la munthu m'buku popanda umboni wa atsogoleri a mphakati wake. Pali ubwino wake, pakuti wansembe, amene ndi mlendo pamudzi, sanamizidwa. Palinso kuipa kwake, pakuti amene adakangana ndi wapampando chifukwa cha malire a munda akhoza kudikira kalata yake nthawi yaitali.

Kalendala ya mpingo idalembedwa kutali, koma pamudzi imayenda ndi khasu. Khirisimasi imagwa anthu ali kalikiliki kupalira ndi kusaka feteleza. Lenti imafika mu Febuluwale kapena Malichi, nkhokwe zitapenya kumwamba, ndipo wansembe wanzeru amadziwa kuti kulalikira za kusala kudya kwa anthu amene akugonera maungu n'kofunika kusamala pakamwa. Njira ya Mtanda ya Lachisanu lililonse imadzaza nthawi imeneyi kuposa mapemphero ena onse a mkati mwa sabata. Pasaka amabwera ndi chimanga chachiwisi. Kenako masika: matumba a chimanga ndi mpunga, nkhuku zomangidwa miyendo, nthawi zina mbuzi, zonse kulunjika kuguwa, mphakati uliwonse ukuyang'anitsitsa zimene anzawo abweretsa. Maukwati ndi maulendo a Ambuye Episkopi odzalimbitsa ana amachuluka m'chilimwe, misewu itauma, m'thumba muli kanthu. Ndiyonso nyengo imene ng'oma za kudambwe zimamveka usiku wonse.

Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, yodzudzula kupondereza anthu ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Timakonda kuikumbukira ngati nkhani ya m'mizinda, ya ophunzira a ku Chancellor College ndi ogwira ntchito a ku Blantyre. Koma chimene chidaipatsa mphamvu n'chakuti idamveka tsiku limodzi, m'zinenero za anthu, mpaka m'parishi zakumudzi ngati Mua, kumene nyuzipepala sinkafika ndipo wailesi idali ya boma. Njira zomwe boma lidaziopa mu 1976 ndi zomwe zidanyamula uthengawo. Pa 14 Juni 1993 anthu adavota pa riferendamu ya ndale za zipani zambiri.

Tibwerere kwa gule. Kusintha kudayambira ku Roma, pa msonkhano wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965. Misa idachoka m'Chilatini kulowa m'Chichewa, wansembe adatembenuka kuyang'ana anthu, ndipo ng'oma, imene kale inkaonedwa ngati chida cha akunja, idalowa m'tchalitchi pamodzi ndi visekese ndi nthungululu. Baibulo la Akatolika la Malembo Oyera lidatuluka mu 1966. Chaka chotsatira, mu 1967, kudafika wansembe wachinyamata wa ku Canada, Claude Boucher, amene adalinso katswiri wojambula. Anthu adadzamupatsa mfunda wa Chisale.

Mu 1976 Bambo Boucher adayambitsa KuNgoni pa Mua, poyamba ngati malo ophunzitsira osema. Chidwi chake chidali chakuti Yesu, Maria ndi atumwi aoneke ndi nkhope za kuno, atavala za kuno, atasemedwa pa mitengo ya kuno. Ntchito za osema a pa Mua zili m'matchalitchi ambiri m'Malawi, ndipo zidafika kutali, monga m'kachisi wa bungwe la Missio ku Munich. Koma chachikulu chimene adachita chidali kukhala pansi ndi akuluakulu a gule, zaka ndi zaka, kufunsa, kulemba, kujambula. Adapeza chimene ansembe oyamba sadadikire kuti amve: kuti chilombo chilichonse chili ndi mwambo wake, china chikudzudzula mwamuna waulesi, china mfumu yadyera, china chiwerewere, ndipo kasiyamaliro akuimira umayi umene mudzi wonse udachokerako. Zimene adasonkhanitsa ndi zomwe zili m'nyumba ya Chamare, pamodzi ndi za Angoni ndi Ayao, ndiponso m'buku lake la mu 2012, When Animals Sing and Spirits Dance. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Chaka ndi chaka, mu Ogasiti, pa Mua pamachitika chikondwerero cha magule, ndipo ovina ngoma ya Angoni ndi zilombo za Achewa amavina pabwalo la mishoni yomwe kale inkawatemberera.

Si onse adakondwa, ndipo odandaulawo ali mbali zonse ziwiri. Akhristu ena, makamaka amene makolo awo adazunzika chifukwa chokana gule, amafunsa kuti nanga agogo awo adavutikiranji ngati lero zilombo zikugona pafupi ndi tchalitchi. A mipingo ya Pentekosite, imene yachuluka m'misika ya m'mbali mwa M5, amaloza chala n'kumati onani kumene Akatolika afika. Nawo eni gule ena amaona kuti zinthu zoyenera kubisika zayalidwa poyera, kuti mkazi, mwana ndi mlendo wosameta azione atalipira pakhomo. Dandaulo lomalizali ndi limene ine ndimalimva kwambiri. Chigoba chopachikidwa pakhoma, chili ndi kapepala kofotokoza tanthauzo lake, chapulumuka ku chiswe, koma sichiopsanso mwana, sichiperekezanso maliro. Komabe ndikayang'ana mmene magule ena asandukira zosangalatsa pamisonkhano ya ndale, kuvinira ndalama, sindingamudzudzule munthu amene adalemba miyambo yake akuluakulu oidziwa asanathe.

Osemawo nawo ali ndi nkhawa yawo. Mlombwa, m'bawa ndi phingo zikusowa, ndipo nkhalango ya Mua-Livulezi, yomwe ili kumtunda kwa mishoni, ikudyedwa ndi makala monga nkhalango zina zambiri za m'dziko muno. Ansembe ochokera ku Ulaya achepa kwambiri. A White Fathers a lero ambiri ndi ana a mu Africa momwemuno, ndipo thandizo limene linkabwera ndi azungu aja lachepa. Parishi ikuyenera kudzidalira, zomwe Kalilombe ankalalikira kalekale. Kudzidalirako pamudzi kumatanthauza mtulo, kakhadi kamene mkhristu aliyense wamkulu amalembetsapo chopereka chake cha pachaka. Kakhadi kameneka kamasungidwa mosamala m'buku la mapemphero kapena pansi pa sutikesi, chifukwa aliyense akudziwa tsiku limene kadzafunidwe.

Tsikulo ndi la maliro. M'midzi yambiri ya kuderali banja limodzi limakhala ndi amayi a Legio ya Maria, mwana wa m'kwaya, ndi malume amene ndi mkulu wa kudambwe. Masiku onse amadyera mbale imodzi popanda vuto. Munthu akamwalira m'pamene funso limadzuka: maliro awa ndi a yani? Manda ali m'manja mwa mfumu. Adzukulu okumba manda kawirikawiri ndi anthu a gule, ndipo amakumbira mkhristu ndi wosakhala mkhristu mofanana. Koma mwambo sungakhale wa onse awiri. Ngati kwaya iimba, zilombo sizituluka. Ngati zilombo zituluka, a mpingo amanyamula mabuku awo.

Zimavuta kwambiri akakhala munthu amene adayenda njira zonse ziwiri, ndipo otere ndi ambiri kuposa mmene mabuku a parishi amasonyezera. Adabatizidwa ali mwana, adalowa gule ali mnyamata, adakwatira kutchalitchi, adabwerera kudambwe atalowa ufumu, ndipo atadwala adaitanitsa wansembe. Usiku wa pasiwa akuluakulu a mpingo, a kubanja ndi nduna za mfumu amapatukira kuseri kwa nyumba kukakambirana. Nthawi zambiri amapeza njira: mpingo uike maliro lero, a gule adzachite zawo pa tsiku la kumeta kapena pomanga chiliza, akhristu a m'banjamo adzakhale ngati sakuona. Nthawi zina zimakanika. A mpingo amakhala patali, namfedwa amene wakhala zaka zonse akusesa m'tchalitchi amaika mwamuna wake popanda nyimbo imodzi ya kwaya imene iye mwini amaimbamo, ndipo sabata yotsatira nkhani imafika kumphakati, kumene amayenera kufotokoza ngati adavomereza zilombozo kapena adangogonjera achibale a mwamuna wake. Chigamulo chikakhala chovuta, amachitumiza kwa bambo mfumu pa Mua, ndipo mayiyo amadikira ulendo wotsatira wa abambo kunthambi kwawo kuti amve ngati apitirize kulandira Ukaristia.